KUZULA MIZATI YAKALE NYUMBA ILI CIIMIRE

Awerengi a kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya ndi kwa Nsefu adziwa bwino cimene cicitika m'nkhalango ya South Luangwa mwezi wa Novembala ukafika. Misasa ya alendo yomangidwa ndi mitengo, bango ndi udzu imapasulidwa mvula isanalimbe, pakuti Luangwa akadzaza safunsa mwini malo. Dzinja likatha amuna apitanso kukamanga. Kupasula kotero nkosavuta, cifukwa mlendo wotsiriza amakhala atacoka kale. Nkhani yanga ya sabata ino ndi ya kupasula kwa mtundu wina, kumene mmisiri azula mizati pamene anthu ali m'nyumba momwemo, akudya ndi kugona.

Ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene agwira nchito ya makompyuta pa malo ena ogona alendo kufupi ndi Mfuwe. Iye ndiye asunga tsamba la pa intaneti limene alendo a ku London ndi ku Johannesburg alembetsapo zipinda. Tsamba lomwelo lili ndi cigawo cina cimene amai a m'madimba aona pa lamya zao za m'manja, kuti adziwe ndiwo zimene ophika afuna sabata imeneyo. Dzinja lathali ndinampeza atakhala pa khonde, maso ali psu. Anati: "Amalume, ndili kucotsa Bootstrap." Ine ndinayesa ndi dzina la mbozi za m'thonje.

Anandimasulira motere. Tsamba lililonse lili ndi mau ake, ndiponso lili ndi malamulo a maonekedwe, ochedwa CSS. Malamulo amenewa ndiwo auza lamya kuti mutu wa nkhani ukhale waukulu, batani likhale lobiriwira, ndi kuti manambala aime pansi pa maina ao. Kale kulemba malamulowa kunali kutopetsa, cifukwa makompyuta osiyana anali kumva mosiyana. Mu 2011 Mark Otto ndi Jacob Thornton, amene anali kugwira nchito ku Twitter, anapereka kwaulere mtolo wa malamulo okonzeratu, nauchula kuti Bootstrap. Mtolowo ugawa tsamba m'zigawo 12, ndipo mmisiri angochula dzina lalifupi monga "row" kapena "btn", maonekedwe nkubwera okha. Zinali ngati kugula mafelemu a zitseko opala kale m'malo mogwetsa mtengo wekha. Tisaunyoze: unathandiza anthu ambiri, ndipo mitundu yake yatsopano ikali kugwira nchito.

Koma wa mphwanga unali Bootstrap 3, umene unatuluka mu 2013, ndipo eni ake analeka kuusamalira mu 2019. Pamene Bootstrap 5 anatuluka mu 2021, maina ambiri anali atasintha, kotero kuti kusamukira ku watsopano kunali nchito yofanana ndi kucotseratu. Ndiponso kuyambira mu 2017 mapulogalamu otsegulira masamba adziwa okha kugawa tsamba m'zigawo popanda wowathandiza. Mtolo wakalewo ulemera makilobaiti oposa 100, pamene tsamba la mphwanga linali kugwiritsa nchito kacigawo kakang'ono cabe. Munthu amene wasenza nkhokwe yonse kuti akaoche cimanga cimodzi, a m'mudzi amuseka. Koma pano wosenza si mmisiri ai. Ndi mai wa ku dimba amene wagula mabandulo a intaneti ndi ndalama ya tomato, ndipo waima pa culu kufunafuna netiweki.

Tsopano imvani kumene mnyamatayu anaphonya. Poyamba anafuna kumaliza zonse usiku umodzi. Anafafaniza mtolo wakale, nalemba malamulo ake, naona pa kompyuta yake yaikulu kuti zonse zili bwino, nakagona. Pa kalamya kakang'ono zinthu zinali kwina. Zigawo zinasunthika, ndipo nambala ya tomato inakaima pansi pa dzina la anyezi. Mai wina anazula anyezi wosakhwima mizere itatu, napalasa njinga m'matope kufikira pa cipata, nkuuzidwa kuti ofunika ndi tomato. Anyezi wozulidwa sabwerera m'nthaka. Mphwanga anamugula yekha ndi malipiro ake, ndipo ine ndinanena kuti wacita bwino, ngakhale kuti kwa mlongo wanga ndiwo zonse zinanunkha anyezi masabata awiri. Tsiku lomwelo anabwezera mtolo wakale m'malo mwake.

Ulendo waciwiri anayenda monga acitira mmisiri wodziwa, amene aimika mzati watsopano pambali pa wodyedwa ndi ciswe asanauzule. Anayamba ndi kuwerenga malo onse amene maina akale achulidwa, nalemba ciwerengero cake pa pepala la pa khoma. Malamulo ake atsopano anawapatsa maina osiyana ndi akale kuti asalimbane, ndipo mitolo iwiriyo inakhalira pamodzi masabata ambiri. Anali kusintha tsamba limodzi, nalijambula asanalikhudze ndiponso atalikonza, nayerekeza zithunzizo. Kenaka anali kubwereka lamya yakale ya mlonda, napita nayo kuseri kwa garaja kumene netiweki ndi yofooka, kukaona ndi maso a amai a m'madimba. Cinamuvuta koposa ndi malamulo amene amisiri akale analemba pamwamba pa Bootstrap pofuna kuupotoza. Amisiriwo anacoka kalekale osasiya mau, ndipo lamulo lililonse linafunika kufufuza ngati lili kucirikiza denga kapena lili kungopacikapo nsanza.

M'masiku amenewo tsamba linalemerako kuposa kale, popeza linali kunyamula mitolo iwiri, ndipo mkulu wa pa nchito anayamba kufunsa cimene mnyamatayu ali kucita. Funsolo nlomveka, cifukwa nchito imeneyi ikatha bwino mlendo saona casintha. Mphwanga anayankha ndi citsanzo ca boma la Britain. Mu 2022 amisiri a tsamba la GOV.UK anacotsa jQuery, mtolo wina wakale wa John Resig wa mu 2006, umenenso Bootstrap 3 adalira poyendetsa mabatani ake ena. Anapungula makilobaiti 32 okha, koma anapeza kuti amene anapindula kwambiri ndi anthu a malamya ochipa ndi a netiweki yofooka. A GitHub anali atacita cimodzimodzi mu 2018. Ngati a ku London aona makilobaiti 32 kukhala kanthu, nanga ife a kuno, kumene Lupande akadzaza ena a kwa Malama ndi kwa Msoro atsala ndi lamya yokha yolankhulira ndi a ku Boma?

Masiku ano nkhani za feteleza, za mayeso a ana ndi za ndalama zili kuloŵa m'malamya. Ine ndikhumba kuti aliyense womanga masamba otere, kaya ali ku Lusaka kaya ku Chipata, azisunga kalamya kochipa m'thumba, ndipo asananene kuti nchito yatha aziyamba wakayesa pa culu ca m'cigwa muno.

Mwezi wa Epulo uli kutha, ciwerengero ca pa khoma cinafika pa 0. Mphwanga anafafaniza mzere umodzi umene unali kuitana mtolo wakale, nakhala cete kudikira madandaulo. Lolemba lake amai anabwera ndi tomato, repu ndi anyezi, ciliconse pa muyeso wake, ndipo mmodzi wa iwo anangomufunsa ngati anthu a netiweki aimika mlongoti watsopano.