Makompyuta Olankhulana pa Lamya

Mwezi uno tifotokoze m'mene kompyuta inkafikira inzake ya kutali intaneti isanalowe m'mafoni a m'manja. Pakati pa kompyuta ndi waya wa lamya ankaikapo kabokosi kotchedwa modemu. Iko kankasandutsa mabiti, ndiwo timanambala 0 ndi 1, akhale kulira kotha kuyenda pa waya; ndimo modemu ya kutsidya inkabweza kulirako kukhalanso manambala.

Koma asanaimbe, eni makina awiriwo ankayamba apangana: liwiro likhale limodzi, ndi mabiti a chilembo chilichonse, kawirikawiri 8, akhale ofanana. Akasiyana pang'ono pokha, pagalasi pankangotuluka zilembo zopanda tanthauzo.

Modemu ya Bell 103, ya m'chaka cha 1962, inkatumiza mabiti 300 pa sekondi. Pofika 1998 analipo mamodemu olandira pafupifupi 56,000. Komatu vuto linalipo: mwana akakhala pa kompyuta, lamya ya panyumba inkatsekeka, kotero kuti mbale woimba za matenda sankatha kuwapeza. N'chifukwa chake mabanja anzeru ankagawana maola. Nafenso lero tipangane za mafoni athu m'nyumba.