Ndalama zawo timalandira, nanga voti yawo tikuikaniranji?

Achinyamata anzanga,

Pa 16 September 2025 ndinadzuka mbandakucha n'kukaima pamzere pasukulu ya pulayimale ya m'dera lathu. Nditavota ndinajambula chala changa cha inki n'kutumizira achimwene anga ku Joni. Anayankha ndi mawu ojambula, afupiafupi: "Wachita bwino mphwanga, wandivoterako ndi ine." Anaseka pomaliza, koma kuseka kwake sikunali kwa munthu wokondwa.

Achimwenewo ndi amene anandilipirira fizi zaka zinayi zonse za ku koleji. Amasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu, amagona anthu anayi m'chipinda chimodzi. Digiri ndinaipeza, ili mu envulopu pansi pa matiresi, ndipo chaka chachiwiri chino ndikungozungulira nayo m'maofesi. Lendi ya mayi, feteleza wa kumudzi, mankhwala a agogo, ngakhale bandulo imene ndikulembera uthenga unowu, zonse zikuchokera m'thumba la munthu amene dziko lake silimufunsa kuti akufuna alamulidwe ndi ndani. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukuwerenga izi pafoni yoti inabwera pabasi kuchokera ku Joni komweko. Ndiye tiyeni tikambirane za anthu amenewa.

Choyamba timvetsetse pamene pagona vuto, chifukwa ena amalankhula ngati Mmalawi akadutsa pachipata cha Mwanza unzika wake umatsala pa Zobue. Gawo 77 la malamulo oyendetsera dziko lino limati nzika yokwanitsa zaka 18 ikhoza kulembetsa m'dera limene imakhala, limene inabadwira, kapena limene imagwirako ntchito kapena bizinesi. Mwamva? Limene inabadwira. Mnyamata wobadwira ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, ngakhale akhale ku Cape Town zaka khumi, ufulu wovota ali nawo. Chimene alibe ndi malo oponyera votiyo, chifukwa kalembera ndi mabokosi zonse zimathera m'malire muno.

Tawerengani nokha zimene achimwene anga akanayenera kuchita. Kalembera wa chisankho chapitachi anachitika m'magawo atatu, kuyambira October mpaka December 2024, gawo lililonse masabata awiri. Ndiye kuti akanapempha tchuthi kwa abwana, kukwera basi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, kufika kumudzi m'masiku enieni a boma lawo, kulembetsa, kubwerera. Patatha miyezi pafupifupi khumi, ulendo womwewo kachiwiri kudzavota. Maulendo anayi apabasi, malire atatu ulendo uliwonse, kwa munthu woti akajomba sabata imodzi amapeza ntchito yake yapatsidwa kwa wina. Ufulu woterewu uli papepala basi.

Ndipo musalole wina akunamizeni kuti izi n'zachizungu, zosatheka kuno. Yang'anani kuseri kwa phiri la Mulanje. Nyumba ya Malamulo ya Mozambique ili ndi mipando 250, ndipo iwiri mwa imeneyi ndi ya nzika zokhala kunja: umodzi wa okhala mu Africa, wina wa okhala kwina konse. Anayamba kuvotera kunja mu 2004, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene nzika za Mozambique zimalembetsa ndi kuvota. Tangoganizani. Mnzathu wa ku Tete akhoza kuvotera pulezidenti wake ali pano pa Malawi, koma Mmalawi wokhala ku Tete sangavotere wake ali kumeneko.

Ku South Africa nkhaniyi inathera kukhoti. Mu 2009 mphunzitsi wina wokhala ku Britain, Willem Richter, anapambana mlandu ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo, ndipo kuyambira pamenepo nzika zawo zolembetsa zimavota m'maofesi a kazembe. Mu 2024 tinaona tonse zithunzi za mzere wautali wa anthu a ku South Africa akuvota ku London. Kenya inayamba pang'ono mu 2013 ndi mayiko oyandikana nawo okha, pofika 2022 inafika mayiko 12, ndipo kunjako amavotera pulezidenti yekha. Botswana ndi Namibia nawonso amavotetsa anthu awo kunja. Amene ali ngati ife ndi Zimbabwe, kumene khoti linakana pempho lotere mu 2018. Kaya ngati ndi gulu limene tikufuna kukhalamo pankhani ya zisankho, inu ndi amene munganene.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti dziko lino lakhala likudya thukuta la anthu opita kunja kuyambira kalekale. Agogo athu anapita ku Wenela ndi ku Theba, ena anatsikira m'migodi ya ku Zimbabwe ndi ku Zambia, ena osabwerera mpaka tinawapatsa dzina loti machona. Mu 1974 ndege itagwa ku Francistown inapha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi. Lero zasintha ndi mayina chabe. Mu November 2023, mwezi womwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, achinyamata oposa 200 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati, ndipo akuluakulu anatiuza poyera kuti zithandiza kubweretsa ndalama zakunja. Ndiye boma likafuna madola limawadziwa ana ake onse, mayina ndi manambala a pasipoti. Ikafika nthawi ya voti, akuti n'zovuta kuwapeza. Mu December 2018 aphungu anavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya mayiko awiri. Tinaombera m'manja, eya, koma unzika wopanda bokosi la voti uli ngati kukuitanira ku ukwati n'kukuuza kuti ukhale panja pa mpanda, mphatso yokha ilowe.

Tsopano, sindikufuna tikhale gulu longokuwa. Pali mafunso enieni amene anthu amafunsa, ndipo ena mwa iwo ndi olemera.

Loyamba ndi kubera. Ife Amalawi tili ndi chifukwa choopera. Tinaona Tipp-Ex mu 2019, tinayenda m'misewu miyezi yambirimbiri, utsi wokhetsa misozi tinaupuma, mpaka oweruza asanu anathetsa chisankhocho pa 3 February 2020. Ngati anthu anatha kufufuta manambala pasukulu yoti ili pamtunda woyenda wapansi kuchokera kwanu, nanga bokosi lili ku Pretoria? Komanso kazembe amasankhidwa ndi pulezidenti, ndipo tikudziwa kuti m'maofesi amenewa mumalowa anthu ambiri chifukwa cha mtundu wa nsalu imene anavala pakampeni. Ku Mozambique komwe ndatamanda kuja, chisankho cha October 2024 chinabwera ndi madandaulo oti ku Zimbabwe kunalembetsedwa anthu oti si nzika za Mozambique, ndipo zipolowe zimene zinatsatira zotsatira zake zinathamangitsira anthu zikwizikwi ku Nsanje ndi Chikwawa. Walira mvula walira matope, izi tizivomereze. Koma yankho la matope si kukana mvula. Chisankho cha kunja chiyendetsedwe ndi antchito a MEC, kazembe angobwereketsa chipinda ndi mipando. Chipani chilichonse chikhale ndi mamonita ake pamenepo. Mavoti awerengedwe pompo usiku womwewo, pepala la zotsatira lisainidwe, limatidwe pakhomo, aliyense alijambule. Bokosi lisakwere ndege lisanawerengedwe. Ndi zomwezo zimene tinamenyera kuno.

Lachiwiri ndi ndalama. Zoona, dziko ndi losauka. Koma maofesi alipo kale ndipo tikuwalipirira lendi mwezi ndi mwezi: Pretoria, Johannesburg, Lusaka, Harare, Maputo, Tete, Dar es Salaam, London. Palibe akunena kuti tiyambe ndi dziko lonse lapansi. Tiyambe ndi malo amenewa, voti ya pulezidenti yokha, poti imeneyo sifunsa kuti ndiwe wa dera liti. Za aphungu tidzakambirana tikaona mmene zayendera.

Lachitatu ndi limene andale salitchula koma ife timalidziwa: abale athu ambiri ku Joni mapepala awo si olongosoka. Munthu woti akaona galimoto ya apolisi amakhotera kanjira kena, woti mnzake anamutengera ku Lindela sabata yatha, adzapita kukaima pamzere pamalo odziwika tsiku lodziwika? Ku Kenya, mayiko 12 onse aja analembetsa anthu ongopitirira pang'ono 10,000. Ndiye tisanamizane kuti lamulo likangosintha, mawa lake anthu adzakhamukira. Lamulolo liyenera kunena momveka kuti chofunika polembetsa ndi chiphaso cha unzika cha Malawi basi, osati chilolezo chokhalira m'dziko la eni, komanso kuti kaundula ameneyu sadzaperekedwa kwa boma lina lililonse. Ndipo NRB iyenera kumapita kumeneko kukalemba ndi kukonzanso ziphaso nthawi ikadalipo.

Pali lina limene ndinamva m'minibasi, bambo wina akuti, "Iwowo anathawa mavuto, asatisankhire ife otsala." Ndinangoti chete poti anali wamkulu, koma mumtima ndinati: bambo, kwacha ikagwa amene amaimbiridwa foni usiku ndi ndani? Pasipoti zitasiya kusindikizidwa kumayambiriro kwa 2024, amene anasowa mtengo wogwira ndi ndani? Mu 2008, mu 2015, mu 2019, pamene alendo ankasakidwa m'makomboni a ku South Africa, amene ankadikira kuti boma lawo lilankhule kapena litumize mabasi ndi ndani? Sanathawe dziko. Anathawa ulova womwewu umene ine ndi inu tikusambiramo, ndipo ena a inu mukuwerenga izi pasipoti ili kale m'chikwama.

Apa ndiye ndifike pa ife eni, ndipo mundikhululukire ngati ziwawe. Chisankho chapitachi analembetsa anthu pafupifupi 7.2 miliyoni, pamene oyenera kuvota amayembekezeka kupitirira 10 miliyoni. Mwa olembetsawo, 57 pa 100 alionse anali amayi. Anyamata tinali kuti? Ena anali ku Joni, chabwino. Nanga ife a ku Ndirande, Bangwe, Area 25, Mchesi, Chibavi, oti senta ili kuseri kwa nyumba? Ndili ndi anzanga oti pa Facebook amalemba ndime zitalizitali zotukwana boma, koma kalembera atabwera anati mzere watalika. Mzere wa mafuta anagonapo masiku awiri, wa kalembera wa maola awiri unawakanika. Ena timawaona nthawi ya kampeni atadzipaka penti thupi lonse, akulendewera palole, madzulo n'kulandira kandalama kogulira kachasu ndi tisheti. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma wogawa saopa chifukwa olandira tilipo. Tingapemphe bwanji voti ya achimwene ali kutali pamene yathu tikuigulitsa pamtengo wa bandulo ya sabata?

Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi linali losakwana zaka 18. Ambiri mwa ana amenewo pofika 2030 adzakhala ovota. Malamulo amalola munthu wa zaka 21 kuima ngati phungu, ndipo mipando tsopano ndi 229. Zoona, ndalama zolembetsera zimatitchinga, wofuna upulezidenti analipira K10 miliyoni, ndipo zipani zimatifuna poimba nyimbo osati pogawana mipando. Koma ukhansala uli pafupi, ndipo khansala ndi amene amakhala pamene akukambirana za msika, zinyalala, ngalande ndi malo ochitira geni. Pagulu lino tilipo okwanira kuimika anthu athu m'mawodi angapo ngati titayamba lero m'malo moyamba chaka cha chisankho.

Kuyamba lero n'kofunikanso pankhani ya voti ya kunjayi. Malamulo a chisankho akasinthidwa kutatsala miyezi yochepa, aliyense amayamba wawerengera kuti apindula ndani, otsutsa amati olamula akufuna kubera, olamula amati otsutsa akufuna mavoti a anthu okwiya, nkhani n'kufera pomwepo. Panopa palibe akudziwa kuti a ku Joni adzavotera ndani mu 2030. Ine sindikudziwa ngakhale amene achimwene anga akanamuvotera, ndipo si nkhani yanga. Gulu lino si la chipani, ndipo aliyense wofuna kulikokera ku nsalu yake timutulutsa mwaulemu.

Ndiye zochita ndi izi. Dziwani dzina la phungu wanu, ambirife sitilidziwa. Mulembereni kalata yaifupi, ya m'Chichewa kapena Chitumbuka ngati mukufuna, yomufunsa funso limodzi: kodi adzavomereza kusintha lamulo la chisankho la 2023 kuti Amalawi okhala kunja azilembetsa ndi kuvotera pulezidenti m'maofesi a kazembe, eya kapena ayi? Yankho lake, kapena kukhala chete kwake, mutitumizire, tizisonkhanitsa dera ndi dera n'kuziika pano. Kalata yopita ku MEC ndi ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo tikuilemba, ikatha muiona musanasaine. Tikadzagwirizana zokaipereka pamodzi tidzatsata ndondomeko yodziwitsa akuluakulu a boma, ndipo wobwera ndi mwala kapena chikwanje si wathu.

Onaninso chiphaso chanu cha unzika lero lomwe. Ngati mulibe, chinatayika kapena mwangokwanitsa zaka 16, pitani ku NRB panopa mizere isanayambe.

Pomaliza, uthengawu musangoutumiza m'magulu a kuno. Tumizirani achimwene, achemwali, amalume ndi azakhali amene ali ku Joni, ku Lusaka, ku Harare, ku Tete, ku Leicester, ku Dublin, ku Israel. Afunseni ngati akanavota bokosi likanakhala pafupi, ndiponso chimene chingawaopse kupita kukalembetsa. Atumize mawu ojambula, asatchule dzina kapena kumene amagwira ntchito. Achimwene anga atumiza kale awo, ndi amphindi zinayi, ndipo theka lake akudandaula za mtengo wa basi.