Mwana wa Kumudzi ndi Makoleji Athu

Ana a Sitandade 8 akafunsidwa ntchito imene amaikhumba, ambiri amati udokotala. Sichoipa ayi, koma mwana amakhumba chokhacho chimene wamva mphunzitsi akuchitama.

Yunivesite ya Malaŵi inayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, ndipo koleji yake ya udokotala inadza mu 1991. Zaka 26 zonsezo mphamvu zake zinali kwina. Polytechnic inkasula mainjiniya. Soche Hill inkasula aphunzitsi a sekondale kufikira 1973, pamene inaphatikizidwa ndi Chancellor College ku Zomba.

Koma imene ndiyesa yoyenera kumveka kaŵirikaŵiri m'kalasi ya kumudzi ndiyo Bunda, imene lero ili pansi pa LUANAR. Kumeneko nthaka, mbewu ndi ziŵeto ndiwo maphunziro a digiri. Mwana wopalira chimanga m'maŵa asanadze kusukulu amayesa khasu chilango cha osaphunzira, osadziŵa kuti akugwira kale mutu wa maphunziro apamwamba.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, mukapita naye kudimba la sukulu, mfunseni chifukwa chake chimanga chobzalidwa pamene panali mtedza chimabiriŵira. Akayesa kuyankha, muuzeni kuti funso lomwelo amalifufuza ku Bunda.