Munda ndi Wanu, Nanga Ndalama?

Amayi anzanga, m'midzi yambiri ya ku Neno ukwati ndi wa chikamwini: munda ndi wa mkazi, bambo anachita kuupeza. Ndinu amene mumapalira kachewere m'mapiri a kwa Dambe mwana ali kumsana, kukumba ndi kulonga m'matumba. Koma galimoto ikamanyamuka kupita ku Zalewa kapena ku Blantyre, wokwera pamwamba pa katundu ndi bambo. Pobwerako angokupatsani ya mchere ndi sopo. Mtengo wa thumba simuudziwa.

Kufunsa si mwano ayi. Lamulo la ukwati la 2015 limawerengera ngakhale ntchito zapakhomo pogawa chuma banja likatha. Nanji thukuta la kumunda! Chaka chino werengani matumba asanakwezedwe, ndipo ulendo wina mukwere nawo, ana atsale ndi agogo awo.