Kapoto ka Khisimasi: Fungo Lilowe, Mbaula Isale Panja

Disemba yafika, mvula nayo yalimba. Zovala siziuma, nsapato zonyowa zaunjikana kuseli kwa chitseko, kapenta wa dzulo akali kumveka m'makatani. Ndiye pa 25 alendo abwera kudya nkhuku na mpunga. Muchita bwanji?

Chaka chatha ine ninagula spray mu town, n'kupopera sitting room yonse. Apongozi atangolowa anayetsemula katatu, ndiye anifunsa mwaulemu: "Mwana wanga, udzudzu wavuta maningi kuno?" Nsoni zinanigwira. Kuchoka tsiku lija ninasiya spray, manje nisewenzetsa kapoto chabe.

Choyamba, tisanamizane. Fungo labwino silibisa dothi. Tayani zinyalala, chapani chikolopo, chotsani zonyowa, tsegulani mawindo. Mukasiliza izi ndiye kapoto kagwire nchito yake.

Zofunika n'zochepa: madzi malita 2, makoko a malalanje 2 kapena mandimu, timitengo 2 twa cinnamon, ma clove 5 kapena 6, na jinja wolingana na chala chachikulu, wodulidwa mopyapyala. Cinnamon na ma clove mupeza m'mashopu a ma spice ku Kamwala, jinja na mandimu ali mbwee ku Soweto Market. Ngati ba neba ali na lemon grass kuseli kwa nyumba, pemphani masamba angapo, muwamange mfundo. Makoko a chinanazi nawo osataya, fungo lawo ni lotsekemera.

Chinsinsi chili pa khungu. Fungo la lalanje limakhala mu tumafuta tuli kunja kwa khoko, tuja tumalasa m'maso mukamasenda. Madzi akatentha, nthunzi imanyamula tumafuta utu n'kutumwaza m'nyumba. Ndiye finyani makoko pang'ono musanaponye mu poto, ndipo osavinikira.

Madzi akawira, chepetsani moto kuti azingotokota pang'onopang'ono kwa mphindi 30 kapena 45. Akachepa, onjezerani. Poto ikauma, fungo la makoko opserera lizapambana la kapenta uja. Ma clove nawo osachulukitsa, ali na mphamvu, nyumba ingayambe kununkha monga kochotsa mano.

Manje mvetserani, apa ndiye pali nkhani ya moyo. Malaiti akapita, ambiri tizaphikira kapoto aka pa mbaula. Mvula ikayamba, maganizo amabwera akuti, "Ah, tiingenetse chabe mukati, titseke chitseko fungo lisathawe." Iyayi! Malasha akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha. Ukalowa m'magazi umalanda malo a oxygen, munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, mseru na tulo. Ena amagona osaukanso. Ana ang'ono, azimayi apakati na okalamba ndiwo ali pangozi kwambiri. Choopsa n'chakuti nyumba izakhala ikununkhira malalanje, inu n'kumaganiza kuti zonse zili bwino.

Lamulo langa ni limodzi: wiritsani panja kapena pakhonde, ndiye mulowetse poto chabe. Ikani pa thabwa kapena pa njerwa, pamalo pamene mwana sangafikire, chigwiriro chiyang'ane kukhoma. Madzi otentha apitiliza kutulutsa nthunzi kwa kanthawi ndithu, ndipo pa nyumba ya ma room awiri n'zokwanira. Akazizira, bwezani pa mbaula panja. Ngati wina wayamba kudandaula mutu kapena kufooka pamene malasha anali mukati, mutulutseni panja msanga, tsegulani zitseko zonse, muthamangire naye ku clinic.

Kumbukiraninso kuti ino ni nyengo ya chinyontho. Kuwiritsa tsiku lonse kuzanyowetsa makoma, nkhungu n'kuyamba kumera kuseli kwa wardrobe. Ola limodzi alendo asanafike ni lokwana, windo limodzi likhale lotsegula.

Zotsala mu poto mungaziwiritsenso mawa lake, pambuyo pake mutaye. Ndipo yambani lelo kusunga makoko: yanikani pa mbale pafupi na windo, akauma ikani m'botolo. Pofika New Year simuzagula kanthu.

Apongozi aja abweranso chaka chino. Kapoto kanga kali ready, mbaula yanga ili pakhonde. Nanga yanu ili kuti?