Kemisitiri ya pa kompyuta iyenera ana a kuno kunyanja

Pamene sitima ya Chauncy Maples inayamba kuyenda pa nyanja ino m'chaka cha 1901, ili ndi chipinda chophunziriramo m'kati mwake, makolo athu a ku Messumba ndi ku Cobué anaona ndi maso awo kuti nzeru ingathe kufika ngakhale kumene msewu sunafike. Ndipo ife a ku Meluluca, amene tikhalira kuwedza usipa kummwera kwa Metangula, tiyenera kulingalira chomwecho za sayansi ya kemisitiri.

Ambiri amayesa kuti kemisitiri ndi mabotolo, asidi ndi labotale ya ndalama zankhaninkhani. Komatu ilipo nthambi ina, imene wofufuza, pokhala ndi masamu okhwima ndi kompyuta, amawerengera mmene maatomu amagwirirana ndi mmene mankhwala adzamamatirira pa kachirombo, asanatsanulire ngakhale dontho limodzi. Ndipo nzeru imeneyi si yonyozeka ayi, pakuti ndiyo inapatsa Walter Kohn ndi John Pople mphoto ya Nobel mu 1998. Mawerengero olemera amatumizidwa pa intaneti ku makina aakulu, onga Lengau wa ku Cape Town, wofufuzayo ali khale kwawo.

Mafunso oti afufuze sasowa kuno. Malungo atilanda ana chaka ndi chaka. Asing'anga athu adziwa mizu imene palibe amene anaiyeza mphamvu yake. Ndipo kumpoto kwa boma lathu la Lago, ku Lupilichi, anthu akukumba golide, ntchito imene kawirikawiri imasiya mercury m'mitsinje.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mwana wotumizidwa kunja kukatenga digiri ya PhD ya kemisitiri imeneyi, akapirira zaka zinayi nabwerako n'kupeza kuti palibe mpando womudikira, adzabwerera ku Johannesburg kapena ku Lisbon, ndipo sitidzakhala ndi pakamwa pomudzudzulira, pakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chifukwa chake ndipempha akuluakulu a Universidade Rovuma ku Lichinga, ndi a Universidade Lúrio ku Unango, kuti aliyense amene amtumiza azipita ndi pangano lolembedwa la ntchito ya uphunzitsi, ndi kuti akabwerako azipatulako masabata angapo pa chaka kudzasula aphunzitsi a masamu a ku sekondale ya Metangula.