Masamu Akuti Wothamanga Azungulire, Makochi Amvere

Tonse tinaphunzira ku pulayimale kuti mzere wowongoka ndiwo njira yaifupi kwambiri pakati pa malo awiri. Izi n'zoona ndithu. Koma kufupika kwa njira sikutanthauza kufika msanga, ndipo masewera a baseball, omwe ndi otchuka ku America, Japan ndi Cuba, akutsimikizira mfundoyi ndi manambala.

Pa bwalo la baseball pali malo anayi oponda otchedwa base, oikidwa m'makona anayi, ndipo kuchoka pa base ina kufika pa inzake ndi mamita 27.4. Wosewera akamenya mpira ndi ndodo amathamanga n'kumaponda base yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, kenako n'kubwerera pomwe anayambira kuti timu yake ipeze pointi. Adani akabweza mpira n'kumukhudza nawo asanafike pa base, watuluka. Choncho kachigawo ka sekondi kangathe kupambanitsa kapena kugonjetsa timu.

Vuto lagona pa makona. Munthu amene ali pa liwiro sangakhote mwadzidzidzi. Aliyense amene anakhotapo ndi njinga pa mphambano akudziwa kuti umachepetsa liwiro kapena umakagwera m'ngalande. Makochi akhala akuphunzitsa njira yomwe amaitcha ya nthochi: wosewera athamange mowongoka mpaka cha pakati, kenako apatukire pang'ono kumanja kuti akakhote bwino pa base yoyamba.

Mu 2010, Davide Carozza, yemwe anayamba ntchitoyi ali wophunzira pa Williams College ku Massachusetts, pamodzi ndi aphunzitsi a masamu Stewart Johnson ndi Frank Morgan, anasindikiza zomwe anapeza m'magazini ya The Mathematical Intelligencer. Anatenga wothamanga wongoyerekeza amene angathe kusintha liwiro lake ndi mamita pafupifupi 3 pa sekondi m'sekondi iliyonse. Wothamangayu akatsata mizere yowongoka, n'kumaima pa kona iliyonse, amatha masekondi 22.2 kuti azungulire bwalo. Akathamanga mozungulira ngati mkombero amatha masekondi 17.8. Koma njira yachangu kuposa zonse inatenga masekondi 16.7, ndipo imayamba ndi kulunjika kumanja kwa mzere ndi madigiri pafupifupi 25 kuyambira pa sitepe yoyamba.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ngati ukudziwa kuti upatukira kumanja, kudikira mpaka pakati kuti upatuke n'kudziwonjezera kona ina yosafunikira. Wozungulira amayenda mtunda wautali, koma sataya liwiro lomwe walivutikira. Malamulo nawonso amalola: wothamanga amadzisankhira njira, ndipo lamulo loti asapatuke kupitirira masentimita pafupifupi 90 limagwira ntchito pokhapokha mdani akamafuna kumukhudza ndi mpira.

Ine ndikuti makochi aziphunzitsa njira imeneyi, makamaka kwa achinyamata amene miyendo yawo isanazolowere njira yakale. Koma otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zoyenera kuzimva.

Yoyamba ndi yakuti wothamanga wa papepala satopa, saterereka ndipo alibe malire a liwiro monga munthu. N'zoona, ndipo manambala a masekondi aja sangafanane ndendende ndi a pabwalo. Komabe chomwe masamuwa akusonyeza ndi maonekedwe a njirayo, osati nthawi yokha. Amene akukayika atenge wotchi, athamangitse osewera khumi m'njira zonse ziwiri, alembe nthawi zawo. Kuyesa koteroko sikulira ndalama zambiri. Kukana osayesa ndiko kulibe chifukwa.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kwambiri. Pamene wosewera wamenya mpira sadziwa nthawi zonse kuti afika pati. Mpira ukagwa pafupi, chanzeru n'kuthamanga mowongoka kupita pa base yoyamba, pomwe malamulo amamulola kupitirira osaima. Akazungulira pa mpira wotere amachedwa ndipo amatuluka mochititsa manyazi. Koma mpira ukadutsa adani n'kupita kutali, base yoyamba imakhala yake kale, ndipo funso limatsala la yachiwiri kapena yachitatu. Pamenepo kuthamanga mowongoka sikumuteteza ku chilichonse, kumangomudyera nthawi. Ntchito ya kochi ndiyo kuphunzitsa wosewera kuzindikira msanga mtundu wa mpira womwe wamenya, n'kusankha njira pa sitepe yoyamba. Masamu sanachotse kufunika kwa diso lakuthwa. Angosonyeza pomwe disolo likufunika.

Baseball inaonapo kale chizolowezi chikugonja kwa manambala. Mu 2002 timu ya Oakland Athletics, yomwe inali ndi ndalama zochepa, inasankha osewera potengera ziwerengero zomwe matimu olemera ankazinyoza, ndipo inapambana masewera 20 motsatizana. Kuyambira 2015, mabwalo onse a Major League Baseball ali ndi makina a Statcast omwe amayeza liwiro ndi mayendedwe a wosewera aliyense. Zida zoyezera zilipo, choncho yankho lakuti "timachita chonchi kuyambira kale" latha mphamvu.

Kwa ife ophunzira, chochititsa chidwi ndi komwe funsoli linachokera. Anthu anazungulira mabwalo amenewa zaka zoposa 100, koma amene anakhala pansi n'kuwerengera anali wophunzira wa pa koleji ndi aphunzitsi ake awiri. Masamu omwe timawadandaula m'kalasi, a liwiro, makona ndi mizere yokhota, ndi omwewo anagwira ntchitoyi. Kochi akadzatiuza kuti njira ndi iyi, tisachite mwano, koma tisaopenso kufunsa mwaulemu kuti: kodi alipo anayezapo?